Ndinkatseka Ndudu ya Amuna Anga Kuti Andiimbire

1

Ndimagwira ntchito m'sitolo yogulitsa zipangizo zamagetsi, pansanjika yachiwiri, moyang'anizana ndi pokwerera basi. Timagulitsa mafoni, mawotchi, tomvetsera ta m'makutu ndi zina zotero. Chaka chatha abwana athu anabweretsa katundu watsopano, ndudu zamagetsi. Si zija zotchipa zimene anyamata amakoka pang'ono n'kutaya m'ngalande ayi. Izi zinali zachitsulo chosalala, zolemera bwino m'manja, ndipo iliyonse inkagona m'kabokosi kake koyalidwa nsalu yofewa ngati mwana wa mfumu.

Abwana anatiitana tonse tisanatsegule sitolo.

"Tamverani kuno," anatero atanyamula imodzi m'mwamba. "Iyi musamaitche ndudu, ndi dokotala wa m'thumba. Imalumikizidwa ndi foni. Munthu akakoka nthunzi, foni imadziwa. Ukhoza kumachepetsa ukali wa fodya pang'onopang'ono mpaka munthu kusiyiratu. Ukhozanso kuitseka uli kutali, kuti mwana akaitola asaseweretse. Kutsogoloku wosuta aliyense wodzilemekeza adzakhala ndi yotereyi."

Mnzanga wa pakauntala, amene tonse timam'tcha Wailesi chifukwa pakamwa pake sipazima, anakweza dzanja.

"Abwana, nanga yochapa ndi kusita ibwera liti? Imeneyo ndiye ndikwatiwa nayo ine."

Onse anaseka. Ine sindinaseke, maganizo anga anali pa amuna anga. Ankasuta kwambiri, ndipo m'mawa uliwonse chifuwa chinkawagwedeza mpaka misozi kulengeza. Mwana sitinapatsidwe pa banja lathu. Munthu wanga padziko pano anali yekhayo, ndipo ndinkaopa kuti fodya andilanda.

2

Amuna anga amayendetsa chimakina chosalaza msewu. Nthawi imeneyo kampani yawo inali itawauza kuti apite kukagwira ntchito kutali, ulendo wa tsiku lathunthu pabasi. Ndinaganiza zowagulira nduduyo ngati mphatso yotsanzikana.

Anabwera kusitolo atavala jekete lawo lakuntchito. Anaitembenuza uku ndi uku, kenaka anakoka. Nthunzi inatuluka yoyera, yopanda fungo lija la phulusa.

"Koma azungu awa," anatero akupukusa mutu. "Moto mulibe, koma utsi ulipo."

Vuto linali limodzi. Foni yawo inali yakale, ya mabatani, yosatheka kulumikiza ndi chipangizo chotere. Wailesi sanachedwe kupeza nzeru.

"Tiilumikize ndi foni ya akazi anuwa, alamu. Iwowa ndiye azikuchepetserani ukali. Kapena mukuopa?"

"Ndiope chiyani? Kungoti mwandilembera mlonda wosagona."

Anailumikiza. Pagalasi la foni yanga panabwera kabwalo kotuwa. Amuna anga atakokanso, kabwaloko kanayaka kobiriwira, kanafufuma ngati chifuwa cha munthu, kenaka kanazirala pang'onopang'ono. Tinaseka tonse atatu. Pansi pa kabwaloko panali chithunzi cha loko kakang'ono. Tsiku limenelo sindinakalabadire n'komwe.

3

Atachoka, nyumba inandikulira. Ndi ya zipinda ziwiri zokha, koma ndinkamva mapazi anga ngati ndikuyenda m'holo. Mpando wawo unangokhala pamenepo utayang'ana khomo. Nsapato zawo zakale ndinazisiya pomwe anazivula.

Poyamba ankaimba madzulo aliwonse. Kenaka anayamba kudumphitsa masiku. Ndikaimba ine, mwina foni inkangolira mpaka kuduka, mwina ankayankha mofulumira.

"Mayi, kuno netiweki ndi yovuta. Ndatopanso kwambiri. Ndikuimbirani mawa."

Mawa lakelo linkafika patapita sabata.

Koma kabwalo kaja sikankadumphitsa tsiku. Ndikaweruka ndinkatsamiritsa foni pachitini cha shuga, n'kukhala pansi kuti ndidye. Pakapita kanthawi, kobiriwira kaja n'kuyaka.

"Mwaweruka, abambo?" ndinkatero mokweza ndithu. "Ine ndafika bwino. Lero kunali makasitomala ovuta."

Kankazirala, n'kuyakanso. Ine ndinkamva ngati andiyankha. Owerenga ena aseka, sindiwaletsa. Koma amene anadyapo yekha miyezi yambiri, supuni ikulira m'mbale ngati belu, akundimvetsa. Ndinkadziwa kuti kwinakwake munthu wanga ali moyo, akupuma, ndipo mpweya wake ukufika patebulo langa.

Ukali wa fodya ndinkauchepetsa monga abwana anatiphunzitsira, pang'onopang'ono, mosamala ngati namwino.

4

Tsiku lina Loweruka masana ndinkapukuta galasi la foni ndi nsonga ya chitenje, ndipo chala changa chinagunda loko kaja osadziwa. Sindinatsirize n'komwe kutsuka mbale, foni inalira. Anali amuna anga.

"Mayi, muli bwanji kumeneko? Tamverani, chinthu chija chakana. Chikungophethira mofiira."

Ndinayang'ana ndipo ndinaona pomwepo chimene chinachitika. Kutsegula kwake kunali kungodina kamodzi. Koma mawu awo anali m'khutu mwanga, ofunda, osathamanga, ndipo sindinafune kuti athe.

"Dikirani ndione," ndinatero. "Zimenezi zimatenga kanthawi. Pakali pano tandiuzani, mukudya bwino?"

Anandiuza za fumbi, za kapitawo wawo wamkali, za mlatho umene ankamanga. Anandifunsa ngati denga la kubafa likudonthabe. Anandiseketsa ngati kale. Nditakhuta mawu awo m'pamene ndinadina.

"Yesani tsopano."

Posakhalitsa kabwalo kanayaka.

"Yatheka! Mayi inu ndinu katswiri. Popanda inu ndikanatani?"

Kuyambira pamenepo, kusungulumwa kukandifika pakhosi, ndinkadina loko kaja. Sindinkachita tsiku ndi tsiku, ndinkaopa kuti angazindikire. Koma nthawi iliyonse ndikatseka, ankaimba. Sanalepherepo. Netiweki inkapezeka, kutopa kunkatha.

Wailesi anandigwira tsiku lina tikudya masana kuseri kwa sitolo. Anaona ndikudina, kenaka ndikuika foni pamwendo n'kumaidikira ndikumwetulira.

"Asisi, mukutani?"

Ndinamuuza. Ndinkaganiza kuti aseka monga mwa chizolowezi chake, koma anaika chakudya chake pansi.

"Ndiye kuti akuimbira inuyo kapena akuimbira nduduyo?"

"Ndi chimodzimodzi. Ndi ine ndimayankha."

"Ine mwamuna wanga ndi chidakwa, aliyense akudziwa. Koma akandiimbira amakhala akufuna ine, ngakhale kuli kufuna kunditukwana."

Ndinamukwiyira masiku angapo. Ndinkati ndi nsanje.

5

Panali tinthu tina timene ndinationa koma ndinatipezera zifukwa ndekha.

Timabotolo ta madzi a nduduyo ndinkawatumizira pabasi. Amuna anga ankakonda ta fungo la fodya weniweni, towawa. Mwadzidzidzi anandiuza kuti ndizitumiza ta fungo la zipatso.

"Inu abambo? Inu amene tiyi mumamwa wopanda shuga?"

"Munthu amasintha, mayi. Si inu nomwe mukufuna kuti ndiiwale fodya?"

Ndinakondwera. Ndinati mankhwala akugwira.

Kabwalo kaja kanayambanso kuyaka m'mawa dzuwa litakwera, nthawi imene ndinkadziwa kuti manja awo onse awiri amakhala pa chimakina. Kayakidwe kake kanasinthanso. Kale kankafufuma nthawi yaitali, tsopano kankangoti phethi, phethi, mofulumira ngati kupuma kwa mbalame. Ndinati mwina akuba mpata kapitawo akayang'ana kumbali.

Chimene chinandisangalatsa koposa n'chakuti chifuwa chija chinatha. Pafoni mawu awo ankamveka oyera ngati a mnyamata. Ndinauza abwana, ndipo iwo anaisandutsa nkhani yogulitsira malonda. Kasitomala akamakayika, ankandiloza.

"Funsani mayi awa. Amuna awo ankasuta ngati ng'anjo ya njerwa, lero ali bwinobwino. Akuwasamala ali kuno, iwo ali uko. Chikondi cha makono chimenecho!"

Ine ndinkaweramitsa mutu mwamanyazi, koma mumtima ndinkanyada.

6

Apongozi anga, mayi awo a amuna anga, anachitidwa opaleshoni ya diso. Atatuluka m'chipatala, ana awo onse anagwirizana zodzawaona Lamlungu. Amuna anga anafika Loweruka madzulo atanenepa, atavala malaya amene sindinawagule ine, m'thumba muli foni yatsopano yagalasi.

"Nduduyo ili kuti?" ndinafunsa ndikupachika malaya awo.

"Ndaiiwala pawindo m'chipinda changa. Ndinanyamuka mothamanga."

"Ndiye mupirira?"

"Ndiyesetsa."

Lamlungu masana tinadzaza pabalaza pa apongozi. Iwo anakhala pampando wawo wautali, diso limodzi litamatidwa thonje. Panali alamu anga aakazi, mlongo wawo weniweni wa amuna anga, pamodzi ndi amuna awo. Panalinso amalume awo a amuna anga, bambo okalamba okonda nthabwala. Ine ndinkathira tiyi. Foni yanga inali pakatebulo kapakati, pafupi ndi makapu.

Amalume ankanena za odwala a m'chipatala, tonse tikuseka. Ndikuwerama kuti ndiwapatse kapu, diso langa linagwera pafoni.

Kabwalo kanayaka. Phethi. Kanazirala. Phethi.

Ndinayang'ana amuna anga. Anali moyang'anizana nane, dzanja limodzi lili pabondo, lina lagwira kapu. Pakamwa pawo panali kuseka kokha.

Phethi.

Tiyi anasefukira m'sosa mpaka kudonthera pansi.

"Apongozi, mwatani? Mukufuna kundisambitsa?" anatero amalume akundiyang'ana.

Ndinaika ketulo pansi, n'kutenga foni. Ndinadziuza kuti mwina ndi mnzawo wogona naye chipinda chimodzi, waipeza pawindo. Ngati ndi choncho, ndinaganiza, sachita kanthu, angoibwezera pomwe waitenga. Ndinadina loko kaja n'kukhala pansi.

Amalume anapitiriza nkhani yawo. Sanafike nayo kumapeto, foni ya amuna anga inalira m'thumba. Anaitulutsa, anayang'ana, n'kuidula. Inaliranso. Anaidulanso. Alamu anga anayang'ana mayi awo, ndipo apongozi anatembenuzira diso lawo labwino kukhoma.

Italira kachitatu ndinatambasula dzanja.

"Bweretsani ndikuyankhireni, abambo."

"Ndi zakuntchito izi."

"Lamlungu? Bweretsani."

Sindidziwa chimene anaona pankhope panga. Pa zaka zonse za banja lathu ndinali ndisanawalandepo chinthu m'manja. Tsiku limenelo ndinawalanda, ndipo ndinadina kuti mawu amveke kwa onse.

"Wokondedwa, bwanji ukundidulira?" Anali mawu a mkazi, achitsikana, otakasuka. "Chatsekekanso chinthu chija. Tawaimbira alamu aja andithandize."

"Ndi ine amene ndimatsegula," ndinatero. Mawu anga ndinawamva ngati akuchokera kuchipinda china.

"Ooh! Ndinu alamu a kusitolo? Zikomo, ndakhala ndikufuna kukuthokozani! Achimwene anuwa amakuyamikirani kwambiri, amati mlongo wanga uja ndi wanzeru pa zamagetsi. Timabotolo tija ndimalandira, ta zipatso tija ndi tokoma zedi. Iwo paja anasiyiratu kalekale, atangofika kuno dokotala wa kampani anawaopseza, ndiye anandipatsa ineyo. Amayi ali bwanji diso lija? Muwauze kuti nsalu ija anandipatsa ndasoketsa."

Amalume anatsala kukamwa yasa, kapu ili m'malere.

"Pepani," ndinatero. "Ine sindine mlongo wawo. Mlongo wawo ali pano, wakhala pambali pa amayi amene mukuwafunsawo. Ine ndine mkazi wawo wa ukwati."

Kumbali inayo kunamveka kupuma kokha. Kenaka mawu aja anabwera ang'onoang'ono.

"Anandiuza kuti akazi awo anamwalira."

Foni inaduka.

7

Palibe amene anakuwa. Ndikanakonda pakanakhala phokoso, mbale kusweka, anthu kugwirana. Amuna anga ankangoyang'ana nsapato zawo. Woyamba kulankhula anali apongozi.

"Mwana wanga, khala pansi. Zinthu izi zimakambidwa. Mwamuna akakhala kutali..."

"Amayi, nsalu munamupatsa liti?"

Apongozi anayang'ana kumbali. Alamu anga anayamba kulira, akuti iwo ankafuna kunditsina khutu koma ankaopa kupasula banja. Amalume okha ndi amene sankadziwa kanthu. Anaimirira movutikira, n'kuloza amuna anga ndi ndodo yawo.

"Iwe, munthu wamoyo, wokuthirira tiyi, n'kumuika m'manda ndi pakamwa? Ndiye ife tinalira maliro ake liti?"

Ndinatenga chikwama changa. Amuna anga ananditsatira mpaka pageti.

"Mayi, tamverani. Sindinkafuna kuti zifike apa. Ndinkafuna ndikuuzeni bwinobwino."

"Ndifunse chinthu chimodzi chokha," ndinatero. "Nthawi zonse zija munkandiimbira, tikucheza, mukundifunsa za denga, iyeyo anali kuti?"



"Anali pompo."

"Akudikira kuti ndimutsegulire."

"Eya."

Za mkaziyo ndikanatha mwina kuzipirira, akazi ambiri apirira zoterezi. Za kundipha ndi pakamwa nazonso mwina zikanapola. Koma macheza aja ndiwo anali chuma changa chonse cha chaka chimenecho. Ndinkawabwereza m'mutu ndili m'basi, ndikusamba, ndikupukuta magalasi kusitolo. Tsopano ndinadziwa kuti kuseka konse kuja kunali kwa munthu woima pamzere, wonyengerera kalaliki kuti amuthandize msanga.

Amuna anga anadzatenga zovala zawo ine ndili kuntchito, kiyi anasiya kwa aneba. Achibale anayesa kutikhazika pansi, koma ine ndinakana. Amuna anganso sanaumirire.

8

Pali china chimene sindinauzepo munthu, ngakhale Wailesi.

Nduduyo ndinaisiya yotseka. Ndinkati imeneyo ndiyo mbama yanga. Koma mumtima ndinkadikira kuti foni ilire, wina aliyense, kaya iwo kaya mkaziyo, ngakhale kunditukwana. Sinalire.

Tsiku lina Lamlungu masana, mvula ikugwa, nyumba ili duu, ndinatsegula. Sindinadikire nthawi yaitali. Kobiriwira kaja kanayaka, phethi, phethi. Sindidziwa ngati mkazi uja anali akadali kwa amuna anga kapena anachoka nayo kwina. Ndinangodziwa kuti ndi iyeyo, mkazi amene ananamizidwa monga ine, ndipo ali yekha kapena sali yekha, akupuma. Ndinatsamiritsa foni n'kudya naye. Ndinachita zimenezi kwa masabata ndithu. Mpweya wa mkazi amene anatenga malo anga ndiwo unkandichezetsa, chifukwa wina wondichezetsa panalibe.

Chimene chinandidzidzimutsa n'chakuti tsiku lina ndinadzimva ndikumufunsa mokweza kuti, "Waswera bwanji, mnzanga?" M'mawa mwake ndinapereka foni kwa Wailesi.

"Ndichotsere ichi. Ineyo chala chikukana."

Sanafunse kanthu, ndipo kwa Wailesi chimenecho n'chozizwitsa. Anadina apa ndi apo, n'kundibwezera foni galasi lili mbee. Madzulo ake anandikoka dzanja kupita nane kwawo, kumene ana ake anandikwera pamsana, amuna ake oledzera aja n'kundiimbira nyimbo yosamveka mutu wake. Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa, kenaka ndinakalira kubafa kwawo.

Ndudu zija tikugulitsabe, ndipo zabwera zina zoposa pamenepo. Abwana akuti zatsopanozi zimazindikira chala cha mwini wake, ndipo zikubwerazo zizidzamva ngakhale kugunda kwa mtima. Sindikutsutsa, n'zopangidwa mwaluso. Abwana anasiya kundiloza, koma makasitomala amabwerabe awiriawiri, ndipo kawirikawiri mayi amandinong'oneza kuti, "Mulumikize ndi foni yanga." Ndimalumikiza, ndi ntchito yanga. Ndimangomuyang'ana m'maso nthawi yotalikirapo kuposa mmene wogulitsa amayenera kuchitira.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, sindikupemphani kuti mundimvere chisoni, kapena kuti muweruze amuna anga. Ndinapusitsidwa, inde, koma nanenso ndinathandiza kudzipusitsa, chifukwa kuwala kwa pagalasi kunali kosavuta kukhala nako kusiyana ndi funso limene ndinkaopa kufunsa. Chipangizo chinandiuza zoona zokhazokha: kuti wina akupuma. Dzina la wopumayo ndinalembapo ndekha.

Tsono foni yanu ikalira lero, ndipo woimbayo alibe chimene chatsekeka, alibe chimene akufuna kuti mumukonzere, wangoti amve ngati mwadzuka, musamuuze kuti mwatanganidwa. Siyani zimene mukuchitazo, khalani pansi, mucheze naye mpaka iye atatopa yekha.